Nkhope ya Lameki

Anthu akabwera ndi maveni awo pagalaja yanga ya pansi pa mtengo ku Chileka kuno, n'kuona ndikutsegula laputopu, amayamba kunditama. Ati awa ndiye amisiri a ku Joni, galimoto amaiyeza ngati kuchipatala. Ine ndimangoti tsegulani boneti akulu, nkhani zambiri ayi. Laputopu imeneyi si yanga, ndi ya Lameki, ndipo tsiku limene ndinaphunzira kuigwiritsa ntchito mwini wake anali m'bokosi kumbuyo kwa galimoto, dzuwa la ku Tete likumuwotcha. Amayi ake ku Lirangwe anali atapempha chinthu chimodzi chokha, kuti adzaone nkhope ya mwana wawo asanalowe m'manda. Ine ndinawalonjeza ndi pakamwa pangapa.

Lameki ndi ine tinakulira mudzi umodzi, chakumtunda kwa msika wa Lirangwe. Iye sukulu anafika nayo Fomu 2, ine ndinaithawa ndili Sitandade 6 n'kukakhala pagalaja ya amalume ku Lunzu, kutsuka mabawuti ndi petulo. Chaka chimene chimanga chinapserera chili m'maondo tinagwirizana zopita ku Joni. N'kuti ine nditakwatira kale ku Chileka, mkazi ali ndi mwana kumbuyo, apongozi akundiyang'ana ngati mbuzi yolowa m'dimba. Tinakwerera pamsewu pa Lirangwe pomwepo. Amayi ake a Lameki, a Nangozo, sanalire. Anangondigwira mkono n'kundiuza kuti mnzangayo ndi wamakani kuyambira ali kubere, ndizimubweza akamapitirira.

Za ku Joni sindikonda kuzikometsera. Tinkagona mu mkhukhu wa malata, nthawi yotentha osapumamo, nthawi yozizira kugona ndi nsapato. Ukangoona galimoto ya apolisi miyendo imayamba yokha, chifukwa masiku a m'pasipoti anatha tisanapeze n'komwe ntchito. M'takisi foni ikalira sumayankha, kuopa kuti Chichewa chingakugulitse. Titavutika ndi maganyu a kuno ndi uko, tinapeza malo pagalaja ya mkulu wina wokonza maveni onyamula katundu, aja a injini zoyendera kompyuta. Amenewa si maminibasi akale oti ukangomva kulira kwa injini wadziwa matenda. Awa amangoyatsa kanyali padashibodi n'kukhala chete, iwe uziganiza wekha chimene walakwa.

Bwanayo anali ndi manyuwo m'kompyuta ya muofesi, buku lonse la okonza maveni amenewa, zithunzi za waya aliyense ndi bawuti iliyonse. Ukalowetsa nambala ya vuto, imakuuza poyambira kufufuza. Koma zonse zinali m'Chizungu chouma gwa. Ndiye tinagawana ntchito, Lameki kuwerenga, ine kumasula. Iye ankaima pakhomo la ofesi kukuwa kuti waya wachikasu wa mzere wakuda, ine ndili kunsi kwa galimoto kumutukwana kuti mawaya onse kuno ndi akuda ndi girizi. Ankanditcha Sipanala, ine ndinkamutcha a Hedi. Tinkakangana tsiku lonse, madzulo n'kudyera mbale imodzi.

Tsiku lina jeke inapulumuka, giyabokosi n'kumugwera Lameki paphazi. Phazilo linapola chokhota, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina, phewa limodzi litagwa. Zimenezi ndi zimene zinamutchonetsa. Ine ndinkapezako mpata wobwera kumudzi, iye ayi. Kutumiza ankatumiza, nyumba ya amayi ake inafoleredwa malata, koma kuti mwini wake akwere basi, ng'o. Ankati anachoka pa Lirangwe ndi miyendo iwiri yabwinobwino, sangakatsike pamsika paja akukoka mwendo alibe choonetsa. Anandiletsa ngakhale kuwauza. Ndikafika kumudzi a Nangozo n'kundifunsa za mnzanga, ndinkangoti ntchito yamuchulukira. Kenako nanenso ndinasiya kubwera, zaka n'kumapita choncho, ana amene tinawasiya akukwawa mpaka kuyamba kumera ndevu.

Choonetsa chimene ankafuna chinali galaja yathuyathu m'mbali mwa tala pa Lirangwe. Ankati maveni a kompyuta achuluka kwathu koma owadziwa ndi ochepa, tikakafika ndi manyuwo anthu azidzachita kutifola. Anapempha bwana, n'kukopera manyuwoyo pa fulashi, n'kugula laputopu yakale pamsika. Anati Lamulungu tikhala pansi tiyike pulogalamu ya manyuwoyo mu laputopu, andiphunzitse podina, kuti ndisiye umbuli. Lamulungu limenelo sanalifike. Tili pantchito anangoti akumva kutentha pamtima, n'kukhala pa tayala, n'kupendekeka. Pofika kuchipatala n'kuti atapita kale.

Mlongo wake Esinati ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu tauni yomweyo. Ndi amene anaimba foni kumudzi, koma mawu anamukanika n'kundipatsira ine. A Nangozo sanafunse zambiri.

"Wavulala kumaso?"

"Ayi amayi, ali ngati wagona."

"Ndiye mubwere naye ndidzamuone. Zina zonse sindikufuna, nkhope yokha."

"Mudzamuona, amayi."

Amalawi anzathu anasonkha, monga timachitira kumeneko. Za ndege sitinaziganizire n'komwe. Ndege zimene zimatera pa Chileka pano, zimene zimagwedeza malata a nyumba ya apongozi anga, zimanyamula maliro a mabwana. Athu amayenda pamsewu. Tinapeza Che Saidi, mkulu wa ku Chileka konkuno amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi kumudzi, munthu wofatsa wa kapilikoni koyera. Veni yake inali ya mtundu womwe uja tinkakonza. M'kati munadzaza mafiriji, matiresi ndi zikwama za eni ake, bokosi tinalimangirira mu telala. Wa kumochale anatiuza mosabisa kuti mankhwala amene wabaya ndi a ulendo wolunjika, tisakachezere m'njira, makamaka poti inali nyengo ya dzuwa lija la mvula isanagwe.

Zimbabwe tinaidutsa bwinobwino. Tinawoloka mlatho wa Tete, kudutsa Moatize, ndipo ndinayamba kuuza Esinati kuti mawa lake akhala akulira ali pakhonde la kwawo. Pakamwa pangapa! Msewu utangoyamba kukwera kulowera ku Zobwe, kanyali kanayaka padashibodi. Che Saidi akaponda mafuta, injini kumangong'ung'udza, mphamvu zii. Pamalo athyathyathya inkayenda ngati ngolo, pachitunda choyamba inaima n'kuyamba kubwerera m'mbuyo ndi telala yomwe. Tinaikokera pambali pafupi ndi kamudzi kena, pali timagolosale tiwiri ndi mjigo.

Ndinachita zonse zimene manja anga amadziwa. Fyuta ya dizilo, mapaipi a mpweya, mafyuzi, kuchotsa batire n'kubwezeretsa. Palibe. Che Saidi anali ndi kachipangizo koyezera galimoto kolumikiza kunsi kwa dashibodi, kanatipatsa nambala ya vuto. Nambala yokha basi. Ku galaja nambala imeneyi ndikanangoikuwira kwa a Hedi, iwo n'kundiyankha. Ndinaimirira pamenepo ndi sipanala m'manja, munthu wodziwa kuiwerenga ali mapazi ochepa kumbuyo kwanga, atakhomeredwa.

Tinayesa kuimitsa mathiraki. Ena ankaima, koma akangomva kuti ndi maliro ankapukusa mutu, ati sangawoloke chipata ndi thupi la munthu wosamudziwa, mapepala akenso analembedwa nambala ya galimoto yathu. Sindiwada, nanenso ndikanakana. Mafoni athu anali atafa netiweki chiwolokereni malire. Apa m'pamene Esinati anakumbukira kuti laputopu ndi fulashi zili m'chikwama cha malemu.

Kutsegula chikwama cha munthu amene sanaikidwe si chinthu chapafupi. Munali malaya ake onunkhira sopo amene ankakonda. Ndinatulutsa laputopuyo, kuiyatsa, kulowetsa fulashi monga ndinkaonera iye akuchita pakompyuta ya bwana. Munali timafayilo tambirimbiri tofanana. Esinati Chizungu amachidziwa, chija cha kukhitchini kwa adona, ndiye iye ankawerenga ine n'kumadina ndi chala chimodzi chagirizi. Titalakwitsa kangapo tinapeza koyambira. Panabwera kamzere kobiriwira koyenda pang'onopang'ono, ndipo Esinati anati kakafika kumapeto ndiye kuti yalowa.

Sindinaonepo chinthu chaulesi ngati kamzere kameneko. Tinakhala pansi pa telala tonse atatu kukayang'ana, thukuta lili kamukamu. Ndikayang'ana kamzere, ndiyang'ane dzuwa. Ndikayang'ana dzuwa, ndiyang'ane bokosi. Katapitirira pakati, sikirini inangoti bii. Batire ya laputopu yatha. Ya pamsika ija, a Hedi anagula mphaka m'thumba. Ndinafuna kuiponya kutchire, Che Saidi n'kundigwira dzanja. Tinagona pomwepo.

Kutacha tinapita kwa mwini golosale ina amene anali ndi sola yotchajira mafoni. Chinyanja chake ndi chathu zinkamvana. Atamva kuti tanyamula zovuta sanavute, anachotsa mafoni a anthu n'kutipatsa soketi, anatibwerekanso foni yake kuti tiimbe kumudzi. Kumeneko anthu anali atasonkhana kale, manda atakumbidwa. Amalume ake a Lameki anafunsa ngati thupi lili bwino, ine ndinati lili bwino. Chakumbuyo ndinkamva mawu a a Nangozo akufunsa kuti tafika pati.

Tinayambiranso pachiyambi, chifukwa zadzulo zija zinali zitafufutika. Che Saidi anakwera thiraki kubwerera ku Moatize kukasaka ayezi ndi makaniko aliyense wodziwa maveni amenewa. Esinati ndinamusiya pagolosale kuti azilondera kamzere, ine ndinapita kumjigo. Ndinkanyowetsa mabulangete n'kumayala pamwamba pa bokosi, akauma ndithirenso, akauma ndithirenso. Amayi a pamudzipo atandiona anabwera ndi ndowa zawo kudzandithandiza, osatidziwa, osafunsa dzina la womwalira. Chitsulo cha telala chinkawotcha osagwirika.

Ndili m'kati mothira madzi choncho, Esinati anatulukira pakhomo la golosale n'kukuwa.

"Achimwene, yaima, ikufunsa funso. Akuti timayendetsa kumanzere kapena kumanja?"

"Kumanzere, chemwali! Nanga kwathu timayenda mbali iti? Dinani kumanzere ipitirire."

Ndinayankha osatembenuka n'komwe. Ku Malawi timayenda kumanzere kwa msewu, ku Joni kumanzere, ku Mozambiki komwe tinaimako kumanzere. Linali funso lophweka kuposa onse amene kompyutayo inatifunsa, ndipo ndinakondwa kuti pali chimodzi chimene ndachidziwa popanda a Hedi.

Dzuwa lili paliwombo manyuwo inatseguka, zithunzi zomwe zija za muofesi ya bwana. Ndinamva ngati ndaona m'bale. Tinalowetsa nambala. Esinati anawerenga, kenako anasiya, dzanja pakamwa. Ndinamufunsa kuti chavuta n'chiyani. Anati mawu amene alembedwa ndi akuti limpu, kutanthauza kuti galimoto ikutsimphina. Inetu mawuwo ndinali nditawamvapo kambirimbiri kugalaja, veni ikadziteteza yokha n'kukana kuthamanga timati yalowa limpu. Koma sindinkadziwa kuti pa Chizungu ndiko kutsimphina. Lameki sanandiuzepo, ndipo tsopano ndikudziwa chifukwa chake.

Esinati sanafunenso kumva za mawaya. Kwathu galimoto ya maliro ikafa m'njira popanda chifukwa chooneka, aliyense amadziwa kuti malemu akukana, ndipo wachibale amayenera kuwalankhula. Anati zaonekeratu, kompyuta ya mwini wake yanena yokha. Ndinamukalipira kuti ino si nthawi ya zimenezo, andiwerengere zotsatira. Sanandimvere. Anapita kukagwada pafumbi pambali pa telala, n'kugogoda bokosi pang'onopang'ono.

"Achimwene, ndine Esinati. Amayi akudikira. Za mwendo musade nazo nkhawa, palibe adzauone, mudzatsika mutanyamulidwa. Tiyeni kwathu, chonde."

Ndinapita kuseri kwa veni, chifukwa sindinafune amayi a pamjigo aone bambo wandevu akulira. Nditabwerako, nanenso ndinamenya telala ndi chikhatho n'kumuuza kuti a Hedi, makani mpaka m'bokosi? Amayi anu anandituma kuti ndizikubwezani, ndiye ndikukubwezani. Ndinakaliza injini. Kanyali kanali pompo.

Esinati atapukuta misozi anawerenga zotsala. Manyuwo inati ndi nambala imeneyi tiyambe taona pamene mawaya a magetsi otchedwa ethi amamangiriridwa kuchitsulo cha galimoto, kuseri kwa dashibodi, chakumapazi, mbali ya kumanzere. Inapereka ndi kachithunzi kojambula ka pakona pake, nati imodzi yomanga mawaya angapo. Mtima unakhala pansi. Ndinati ntchito ya kanthawi kochepa iyi.

Ndinachotsa chophimba cha kumanzere. Natiyo panalibe. Ndinachotsa kabati ka kutsogolo kwa mpando wa pasenjala, panalibe. Ndinati mwina ili m'kati kwambiri, n'kumasula mbali yonse ya dashibodi, mapaipi a mpweya, kapeti, mpando womwe ndinautulutsa. Ndinagona chagada mmenemo, mutu kumapazi miyendo m'mwamba, thukuta likulowa m'maso, zala zikuchekeka ndi malata. Ndikatuluka ndikaonenso chithunzi, ndibwerere. Laputopu ikatsala pang'ono kuzima Esinati athamangire nayo kugolosale. Sindinakayikepo manyuwo ngakhale pang'ono. Zaka zonse zija sinatinamizepo, ndiye ndinkadziwa kuti wopusa ndine, natiyo ilipo koma maso anga ndi amene sakuiona.

Chakumasana ndithu ndinaona kuti amayi aja asiya kufika pafupi ndi telala. Ankatula ndowa patali n'kubwerera. Kenako mphepo inatembenuka n'kulowa m'galimoto momwe ndinagonamo. Ndinasiya kumasula. Ndinadziuza kuti mwina ndi galu wofa kutchireko. Nditasuzumira panja ndinaona ntchentche pamabulangete, Esinati ataima poteropo akuziingitsa ndi chitenje, nkhope atayang'ana kumbali. Tinaonana maso. Ndinabwerera kunsi kwa dashibodi n'kuyamba kupemphera mokweza, pemphero losalongosoka, lotukwana ndi kupempha nthawi imodzi. Mantha amene ndinali nawo tsiku limenelo sindinawamvepo, ngakhale pothawa apolisi ku Joni.

Che Saidi anabwera dzuwa litapendeka, makaniko sanamupeze, ayezi atasanduka madzi m'jumbo. Anayang'ana veni yake ili bwantasa, zitsulo mbwee pansi, sanadandaule. Anakhala pamwala n'kutenga laputopu, kumangodina uku ndi uku poti analibe china chochita. Mwangozi anatsegula chithunzi cha dashibodi yonse.

"Amisiri, veni iyi ndi ya dziko liti? Chiwongolero chili uku."

Ndinayang'ana. Pachithunzipo chiwongolero chinali kumanzere, pamene cha veni yathu chinali kumanja. Ndinamufunsa Esinati kuti funso la m'mawa lija linalembedwa bwanji, anene Chizungu chake chenicheni. Anati panali lefiti handi dirayivu ndi raiti handi dirayivu. Mawu amenewo ngakhale kondakitala amawadziwa, sanena za mbali ya msewu, amanena za mbali imene dalaivala amakhala. Akanangowerenga momwe analembedwera ndikanayankha ndili m'tulo. Koma mwana wa eni ake ankadziwa kuti Chizungu chimandivuta, ndiye anandichitira chifundo n'kundimasulira. Tsiku lonse ndinali ndikukonza galimoto ya ku Ulaya imene sindinaionepo.

Mawu omukalipira Esinati anali atafika kale pakamwa, ndipo akanatuluka sitikanalankhulananso mpaka lero. Koma nditaona mmene anakhalira pansi, manja onse pamutu, ndinawameza. Ndinazungulira mbali ya dalaivala, kuchotsa kachophimba kamodzi pafupi ndi mapedulo. Nati ija inali pamenepo, itamasuka ndi mabampu a m'njira, mawaya akugwedera. Ndinaipala ndi mpeni n'kuimanga. Che Saidi analiza injini, kanyali kanazima. Palibe anakondwa. Tinangoponya mpando ndi zidutswa za dashibodi pamwamba pa katundu n'kunyamuka.

Pa Zobwe tinafika kutada, tinawoloka m'mawa mwake. Kuchokera pa Mwanza mpaka pa Zalewa Che Saidi anathamanga monga sanathamangirepo, mawindo onse otsegula. Podutsa pa Mdeka Esinati anayamba kulira mokweza, kulira kwa munthu amene wayandikira kwawo. Ine ndinkangowerenga m'mutu zoti mwina ndi kunja kokha, mwina kumaso kuli bwino, mwina akangotsegula pang'ono n'kutseka msanga zitheka. Ndinali ndisanataye mtima. Tinaona masamba pamsewu, tinakhota.

Anthu anali atatopa n'kudikira. Mkazi wanga anali atabwera kuchokera ku Chileka, anandipatsa moni wogwada wa alendo n'kubwerera kwa amayi anzake. Mnyamata wamtali amene anandilandira chikwama ndinachita kuuzidwa kuti ndi mwana wanga. Zonsezo ndinaziona ngati za munthu wina. Maso anga anali pa adzukulu. Atangomasula zingwe za telala anayang'anana, wamkulu wawo n'kuitana amalume ake a Lameki pambali. Analowetsa bokosi m'kanyumba kena kuseri, anandiitana inenso, n'kutseka chitseko.

Zimene ndinaona mmenemo sindidzazinena. Wamkulu wa adzukulu anabwezeretsa chivundikiro n'kupempha misomali. Amalume anati mwambo woona nkhope sukhalapo, mapemphero akhale achidule, tipite kumanda dzuwa lisanafike paliwombo. Kenako anafunsa kuti akawauze ndani achemwali awo. Onse anayang'ana pansi. Ndinati ndipita ndine, ndi ine ndinalonjeza.

A Nangozo anali pamphasa m'nyumba ya malata ija, amayi a mumpingo atawazungulira. Anali atachepa thupi kwambiri. Ndinagwada pakhomo n'kuyenda ndi maondo mpaka pafupi. Ndinawauza kuti galimoto inatifera m'njira, dzuwa linali loopsa, tayesetsa koma zakanika, bokosi silitsegulidwa. Za kumanzere ndi kumanja sindinanene, zikanawathandiza chiyani. Ndinadikira kuti akuwe, anditukwane, andimenye ngati akufuna.

Esinati anatulutsa foni yake kuti awaonetse chithunzi. A Nangozo anaikankhira pambali. Amayi ena anatinong'oneza kuti maso awo anachita ng'ala kalekale, pagalasi la foni amangoona kuwala, munthu amamuzindikira akamuyandikira mphuno ndi mphuno n'kumugwira. Ife a ku Joni sitinkadziwa. Iwonso anali ataletsa anthu kuti asatiuze.

"Wamuona komaliza ali bwino ndiwe. Sendera kuno," anatero a Nangozo.

Ndinasendera. Anakweza manja n'kundigwira kumutu.

"Imvi anali nazo?"

"Anali nazo, amayi."

"Pati?"

Ndinatenga zala zawo n'kuziika pamwamba pa makutu anga, uku ndi uku. Anafunsa za pamphumi, ndinawaonetsa pamene tsitsi linathawira, ndi mizere iwiri imene inkabwera akamawerenga. Anafunsa ngati masaya anagwa kapena ananenepa, ndinayendetsa dzanja lawo pamene anaphwera. Anafunsa za ndevu, ndinati ankameta zonse n'kusiya za pamlomo, zoyera pakati. Kunja kwaya inali itayamba kale nyimbo yonyamulira. Zala zawo zinali zouma, zinayenda pankhope yanga yonse osafulumira, kenako anandigwira masaya onse awiri n'kuyandikitsa maso awo oyera aja mpaka mpweya wawo kundifika.

"Wakalamba mwana wanga ine osadziwa," anatero.

Anandisiya, n'kuuza amalume kuti adzukulu akhoza kunyamula.